Kuyankha mayi amene akufuna chomuchotsera mwana pa gemu ya pafoni

Achemwali, mwafunsa kuti ife tawerenga chiyani kapena taonera chiyani posachedwapa chomwe chatisangalatsa, chifukwa mnyamata wanu wa Fomu 2 holide yonseyi maso ali pafoni kumenya gemu ya mpira. Mundilole ndiyankhe motalikirapo, poti zomwezi ndadutsamo kuno ku Salima mwezi wathawu.

Ndimasunga mwana wa mlongo wanga, wazaka 15. Naye akagwira foni mumachita kumuitana katatu kuti ayankhe. Usiku wina magetsi atazima, laputopu ili ndi moto wokwanira, ndinayala mkeka pakhonde n'kuika filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ija inatuluka mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata yemwe anapanga makina a mphepo opangira magetsi. Tinalipo atatu: ine, mnyamatayo ndi mayi anga omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Khombedza.

Poyamba kunali kuseka. Chiwetel Ejiofor, yemwe anatsogolera filimuyo komanso kusewera ngati bambo a William, ndi wa ku Britain, ndipo mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Chichewa chawo anachita kuphunzira, ndiye mayi ankangoti, "Kodi abambowa ali ndi mbatata yotentha m'kamwa?" Akayamba kulankhula Lily Banda, yemwe ndi kwathu konkuno, mayi ankati eya, uyu ndiye mwana wa pakhomo. Koma ine ndimawayamikirabe anthuwo. Akanatha kuipanga yonse m'Chingerezi, koma anasankha kuvutika ndi chiyankhulo chathu, n'kukajambula ku Kasungu komweko, Gule Wamkulu n'kuonekamo.

Kuseka kunatha njala itayamba mufilimumo. Pamene banja lija linagwirizana zodya kamodzi patsiku, mayi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayamba kumufotokozera mdzukulu wawo za 2002, zinthu zomwe ngakhale ine mwana wawo sanandiuzepo bwinobwino: kudzuka usiku kukaima pamzere wa chimanga n'kubwerako thumba lili lopindapinda m'khwapa, kuphika gaga yemwe kale tinkapatsa nkhuku, kuwiritsa mango aawisi, kuthyola chimanga chisanakhwime kuti apange chitibu. Anatchula mayina a anthu a m'mudzi omwe sanafike pa masika chaka chimenecho. Mnyamata uja anaimitsa yekha filimu kuti amve agogo ake. Foni inali pansi, sanaikhudze.

M'mawa mwake anandifunsa kuti, "Amalume, zimenezi zinachitikadi?" Ndi pamene ndinakabwereka buku lake kwa mnzanga wina mphunzitsi. Linatuluka mu 2009, William analemba mothandizana ndi Bryan Mealer. Kunena zoona bukuli linandigwira mtima kuposa filimu. Filimu imathera poti makina a mphepo aja akupopa madzi othirira mbewu, koma m'buku mumaona kuti oyambirirawo anangoyatsa babu, zopopa madzi zinabwera pambuyo. Mumaonanso kuvutika kwenikweni: mwana wochotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, Chingerezi chikumuvuta, n'kumangotsatira zithunzi za m'buku lotchedwa Using Energy lomwe analipeza mu laibulale yaing'ono. Ankatola zitsulo kudzala, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki omwe ankawawotcha kuti aphwatalale, njinga yakutha ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu. Anthu ankamunena kuti wapenga kapena akusuta chamba. Pali malo onena za galu wake Khamba pa nthawi ya njala. Pamenepo ndinatseka buku n'kutuluka panja kaye. Muwerenge nokha, sindikuuzani.

Tinkawerenga masamba ochepa madzulo alionse, mnyamata wanga mokweza, ine n'kumamasulira pomwe pamuvuta. Tisanafike n'pakati pomwe, anapita kwa amisiri okonza njinga za kabaza pafupi ndi Kamuzu Road kukapempha dayinamo yakale. Paja njinga ndiye sizisowa kuno. Anabwera nayo, n'kugadabuza njinga yanga, kupukusa pedulo ndi dzanja, kababu n'kuyaka pang'ono ngati chiphaniphani. Chimwemwe chake sindingathe kuchifotokoza. Ndinamuuza kuti tsiku lina tidzapita cha ku Nanjoka akaone ndi maso munda wa magetsi a dzuwa uja wa mamegawati 60, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2021, aone kuti nkhani ya magetsi siili kutali ndi kwawo.

Filimu ina yomwe ndinaibwereza ndekha ndi The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012. Ndi ya msodzi yemwe kale anali wolemera koma nsomba zatha m'nyanja, uku alendo odzaona malo asintha moyo wa pagombe. Aliyense wokhala kufupi ndi Senga Bay aizindikira nkhaniyo, makamaka akakumbuka mtengo wa chambo lero. Koma muli nkhani za akuluakulu, ndiye muyambe mwaonera nokha musanamupatse mwana.

Buku la Chichewa lomwe ndabwerezanso ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka mu 1933. Ambiri timalikumbuka ngati buku la mayeso, koma mukaliwerenga popanda mantha a mayeso, Chichewa chake ndi chokoma kwambiri, ndipo mwana amaonamo mmene makolo ankalelera, kulangira ndi kuweruzira milandu. Ili mayi anga ankamvera nawo mosangalala, n'kumatiwongolera mawu ena omwe ife sitiwagwiritsanso ntchito.

Tsono za gemu, mwina sindikuyankhani momwe mumayembekezera. Ine sindinamulande foni. Ndinamupempha andiphunzitse eFootball yomwe amasewerayo, ndipo ndinadabwa kuona kuti muli nzeru ndithu: kusankha osewera, kudziwa nthawi yotseka kumbuyo, kusintha kaimidwe ka timu ukaona kuti mnzako akukupanikiza mbali imodzi. Anandiphunzitsa modekha kwambiri, ndipo ndinaona mbali ya mwanayu yomwe sindinkaidziwa. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anavomera kukhala nane pamkeka tsiku la filimu lija. Chomwe ndimayang'anitsitsa ndi ndalama. Bandulo imatha msanga akamasewera ndi anzake pa intaneti, komanso gemuyo imakopa kuti ugule makoini opezera osewera apamwamba. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana wozolowera mayina a matimu savuta kukokedwa ndi anzake kuyamba kubetcha. Pamenepo ndinamuuza mosapita m'mbali kuti ayi, ndipo tinagwirizana kuti azisewera akamaliza ntchito zapakhomo, usiku foni izigona kuchipinda kwanga.

Ngati pakhomo panu pali agogo kapena wina aliyense amene anaiona njala ya 2002, muwaitane tsiku loonera filimu ya William ija, ndipo akayamba kulankhula muiimitse. Buku la William lija ndikadali nalo mpaka sukulu zitsegulidwe, mwini wake anandilola kubwereketsa. Ngati muli cha kuno ku boma, ndilembereni ku inbox tikumane, koma mudikire kaye masiku anayi, mnyamata wanga watsala ndi mitu iwiri.