Chipukuta misozi cha ogwira ntchito pa njanji ku America chili ndi lamulo lakelake

Achemwali ena okhala m'chigawo cha Indiana ku America andilembera imelo. Angoyamba kumene ntchito mu ofesi ya kampani yaing'ono ya sitima zonyamula katundu, ndipo awapatsa udindo wosunga mafayilo a ngozi. Akufunsa kuti: "Komwe ndinkagwira kale, munthu akavulala tinkangolemba fomu ya workers' compensation, a inshuwalansi n'kulipira. Kuno akuti zimenezo kulibe. Kodi kampani ikuzemba lamulo?"

Ayi achemwali, sikuzemba. Ngati sitima zanuzo zimanyamula katundu wa anthu wodutsa malire a zigawo, antchito anu ali pansi pa lamulo la boma lalikulu lotchedwa Federal Employers' Liability Act, mwachidule FELA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1908. Nthawi imeneyo zigawo zinali zisanayambe n'komwe ndondomeko za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito (workers' compensation) zomwe munazolowerazo, pomwe pa njanji anthu ankafa ndi kuvulala tsiku ndi tsiku. Ndondomeko za zigawo zitabwera, a njanji anatsala ndi lamulo lawo mpaka lero. Ndipo musadziyese kuti muli kunja poti mumakhala pa desiki: mu 1956, pa mlandu wa Reed ndi Pennsylvania Railroad, Khoti Lalikulu linagamula kuti mayi wa mu ofesi nayenso lamuloli limamukhudza.

Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mu workers' compensation safunsa kuti wolakwa ndani. Wovulala amalandira ndalama zoikika kale, koma sangasumire bwana wake. Mu FELA wovulala ayenera kusonyeza kuti kampani inalekerera penapake. Akatero palibe malire oikika: amalipidwa za kuchipatala, malipiro omwe wataya ndi omwe akanadzalandira mtsogolo, ngakhalenso ululu umene wamva. Ali ndi zaka 3 zokasuma, kukhoti la chigawo kapena la boma lalikulu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa mabwana ena amalimba mtima akamva kuti wantchito ayenera kupereka umboni. Umboniwo si wovuta ayi. Mu 1957, pa mlandu wa Rogers ndi Missouri Pacific, khoti linati n'zokwanira ngati kulekerera kwa kampani kunathandizira ngoziyo ngakhale pang'ono chabe, ndipo mu 2011 linabwerezanso mfundoyi pa mlandu wa CSX ndi McBride. Ngati wantchito nayenso analakwitsa, ndalama zimangochepetsedwa malinga ndi gawo lake, koma mlandu suthera pomwepo. Kuyambira 1939 kampani singanenenso kuti "unkadziwa kuti ntchitoyi njoopsa". Choposa zonse, ngati chomwe chamuvulaza ndi chitsulo cholumikizira mabogi, buleki kapena chogwirira chosakonzedwa, motsutsana ndi lamulo la Safety Appliance Act la 1893, kapena injini yolephera zofunika za lamulo la Locomotive Inspection Act, kampani imalipira ndalama zonse, osachotsapo kalikonse ngakhale wantchitoyo atalakwitsa.

Ndiye mukaona lipoti lakuti chopondera cha bogi chapindika, kapena mafuta atayikira poyenda anthu mu injini, musalione ngati pepala longosunga. Ndi ngongole yomwe ikudikira tsiku lake, ndipo woyamba kuilipira ndi wantchito amene adzaduke mwendo. Kwa ine, kampani ya njanji ilibe inshuwalansi yoposa kukonza zinthu msanga, kulemekeza chizindikiro cha buluu chomwe chimaletsa kusuntha sitima amakaniko ali pansi pake, ndi kusunga malire a maola: oyendetsa sitima asapitirire maola 12, ndipo apume maola 10 asanabwererenso.

Za inshuwalansi yeniyeni, makampani akuluakulu amalipira okha gawo lalikulu kuchokera m'thumba mwawo. Aang'ono ngati anuwo amagula kwa makampani odziwa za njanji, ndipo muonetsetse kuti pepala lanu la inshuwalansi likutchula FELA momveka. Antchito a kontrakitala obwera kudzakonza njanji nthawi zambiri amakhala pa workers' compensation ya bwana wawo, choncho muziwapempha satifiketi ya inshuwalansiyo asanayambe. Koma kampani yanu ikayamba kuwalamula tsiku ndi tsiku ngati antchito ake, khoti likhoza kuwawerengera kwa inu.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mtima. Chifukwa ngozi iliyonse ingasanduke mlandu wa ndalama zambiri, pamakhala chiyeso choopseza ovulala kuti asanene, kapena kuwafunira chifukwa chowachotsera ntchito. Chonde achemwali, musalowe nawo m'zimenezo, ngakhale wokuuzaniyo akhale wamkulu bwanji. Lamulo la Federal Railroad Safety Act limaletsa kulanga munthu chifukwa chonena kuti wavulala, limaletsanso kumuchedwetsa kupita kuchipatala, ndipo wolakwiridwa ali ndi masiku 180 okadandaula ku OSHA, bungwe la boma loona za chitetezo cha anthu pa ntchito. Malipoti a ngozi amapita ku bungwe la boma loyang'anira njanji la Federal Railroad Administration mwezi uliwonse, ndiye lembani zomwe zinachitikadi, tsiku lake ndi ola lake. Wovulala akakhala pakhomo osalandira malipiro, muuzeni kuti akapemphe ndalama za odwala ku Railroad Retirement Board, bungwe la boma loona za penshoni ya ogwira ntchito pa njanji, chifukwa mlandu wa FELA umatha kutenga nthawi yaitali ana akudikira chakudya.