Kodi Israel wa lero ndi ulosi wokwaniritsidwa? Yankho kwa achimwene amene anafunsa za Genesis 12:3

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona zimene munamva pa ulaliki, zoti dziko la Israel limene lilipo lero ndi kukwaniritsidwa kwa ulosi, ndipo Mkhristu aliyense wodzudzula boma lake wadziitanira temberero la pa Genesis 12:3. Ndaona ena akungokuyankhani kuti "Amen", ena akukutukwanani. Ine mundipirire, yankho langa ndi lalitali ndithu.

Tiyambe ndi vesi lenilenilo. Mulungu akulankhula ndi munthu mmodzi, Abramu, asanafike n'komwe ku Kanani, alibenso mwana. Akumuuza kuti adzadalitsa omudalitsa, adzatemberera womutemberera, ndipo mwa iye mabanja onse a dziko lapansi adzadalitsidwa. N'zoona kuti mawu ofanana abwerezedwa kwa Yakobo pa Genesis 27:29, komanso kwa mtundu wonse pakamwa pa Balamu pa Numeri 24:9, zimenezo sindibisa. Koma alaliki ambiri amathera pakati pa vesi, mbali yomalizayo saifika. Mbali imeneyo ndi imene Paulo anaigwira pa Agalatiya 3:8, n'kunena kuti ndi Uthenga Wabwino umene Abrahamu anauzidwa pasadakhale. Pa vesi 16 akuti mbewu ya Abrahamu ndi Khristu, pa vesi 29 akuti ngati muli a Khristu ndinu mbewu ya Abrahamu. Kuchoka pamenepa kukafika pa nduna ndi asilikali a boma la masiku ano pali mitsinje ingapo, ndipo mlaliki ayenera kutionetsa madooko amene anawolokera.

Chiphunzitso chimene munamvacho chili ndi eni ake. John Nelson Darby, mlaliki wa gulu la Plymouth Brethren amene anamwalira mu 1882, ndiye anakhazikitsa maganizo oti Mulungu ali ndi anthu awiri osiyana, Israyeli wa padziko ndi mpingo wa kumwamba, ndipo mpingo ukadzakwatulidwa Mulungu adzabwerera ku ndondomeko yake ndi Ayuda. Maganizowa anafala kwambiri ku America kudzera mu Baibulo la Cyrus Scofield la mu 1909, limene linali ndi ndemanga zake m'munsi mwa masamba. Anthu ankawerenga vesi pamwamba, ndemanga pansi, mpaka kuiwala kuti ndi mawu ati a Mose ndipo ndi ati a Scofield. Mu 1891 William Blackstone anali atapereka kale kalata kwa pulezidenti Benjamin Harrison, yosainidwa ndi anthu otchuka oposa 400, yopempha kuti Ayuda apatsidwe Palestine. Lero mawu amenewa mumawamva kwa abusa ngati John Hagee, amene anayambitsa Christians United for Israel mu 2006 ndipo anapemphera pa mwambo wotsegulira ofesi ya kazembe wa America ku Yerusalemu mu May 2018. Kuti chiphunzitso ndi chatsopano sizitanthauza kuti ndi chabodza ayi. Kungoti wina asatiuze kuti mpingo wakhala ukukhulupirira zimenezi kuyambira nthawi ya atumwi.

Mbali ya ndale nayo ili ndi mbiri yake. Theodor Herzl, amene anaitanitsa msonkhano woyamba wa Zionism, gulu lofuna kuti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo, ku Basel mu 1897, anali mtolankhani, osati munthu wa zauneneri. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali nkhanza zimene Ayuda ankachitiridwa ku Ulaya. Mu 1903 Britain itapereka malo kuno ku Africa, m'dera limene lero lili ku Kenya, Herzl anapita nayo nkhaniyo ku msonkhano kuti aikambirane, ndipo inakanidwa mu 1905. Kenako panabwera lonjezo la Balfour mu 1917, loti Britain ithandiza Ayuda kukhala ndi kwawo ku Palestine, kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni m'manja mwa chipani cha Hitler, chigamulo cha United Nations cha mu November 1947 chogawa dzikolo, mpaka pa 14 May 1948 pamene Israel analengezedwa. Pa nkhondo ya nthawi imeneyo Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Mu June 1967 Israel analanda kum'mawa kwa Yerusalemu. (Abale athu a mipingo ya Ziyoni, amene amavina ndi ng'oma, sakukhudzidwa ndi nkhaniyi. Dzina lawo linachokera ku Zion City ya ku Illinois kudzera ku South Africa.)

Tsono anzathu okhulupirira kuti 1948 ndi ulosi sakulankhula zopanda mutu. Amawerenga Ezekieli 36 ndi 37, za kusonkhanitsidwa kuchokera kumitundu ndi za chigwa cha mafupa owuma. Amawerenga Yesaya 66:8, za mtundu wobadwa tsiku limodzi. Amaona mtundu umene kachisi wake anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70, unabalalika, unazunzidwa, koma sunathe, ndipo Chihebri chinayambanso kulankhulidwa mumsika. Munthu wa chikhulupiriro akaona zimenezi n'kuzizwa, ine sindimuseka. Ndiponso ali ndi Aroma 11 kumbali yawo pa mfundo imodzi yaikulu: Paulo akufunsa ngati Mulungu anataya anthu ake, n'kuyankha yekha kuti ayi. Akuti ife amitundu ndife nthambi zomezanitsidwa pa mtengo wa azitona, tisadzitame pa nthambi zinazo, ndipo mphatso ndi maitanidwe a Mulungu sizibwezedwa. Mpingo unaiwala mawu amenewa kwa zaka mazana ambiri. Martin Luther mwini wake mu 1543 analemba kuti masunagoge atenthedwe. Mpingo wa Katolika unafika mu 1965 usananene poyera, m'chikalata cha Nostra Aetate, kuti Ayuda onse sayenera kusenzetsedwa mlandu wa imfa ya Yesu. Ndiye amene mukulemba m'gulu muno kuti Ayuda ndi otembereredwa, dziwani kuti ine sindili nanu.

Koma werengani Aroma 9 mpaka 11 mosadumpha. Paulo akulira za chipulumutso cha abale ake. Za malire a dziko, za boma, za asilikali, satchulamo.

Nanga Ezekieli? Iye ankalankhula ali ku ukapolo ku Babulo, kwa anthu amene Yerusalemu wawo anatenthedwa cha m'ma 586 Khristu asanabadwe. Yeremiya anawalonjeza kuti pakatha zaka 70 adzabwerera, ndipo buku la Ezara likuyamba ndi lamulo la mfumu Koresi lowalola kupita kwawo. Wina akhoza kunena kuti kubwerera kumeneko kunali kochepa poyerekeza ndi zimene aneneri anaona, ndiye patsala kukwaniritsidwa kwina. Chabwino. Koma taonani mmene atumwi ankawerengera malonjezo otere. Amosi 9 akunena za kumangidwanso kwa msasa wa Davide umene unagwa. Pa Machitidwe 15, Yakobo, mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu, akutenga mawu omwewo n'kunena kuti akukwaniritsidwa pamene amitundu akulowa mu mpingo. Yakobo anali Myuda, ali mu Yerusalemu momwemo.

Za mkuyu wa pa Mateyu 24 ndiye zandikwana. Amati mkuyu ndi Israel, unaphuka mu 1948, ndipo mbadwo umenewo sudzatha Yesu asanabwere. Hal Lindsey m'buku lake la mu 1970 anati mbadwo ndi zaka ngati 40, anthu n'kuwerengera kuti 1988. Edgar Whisenant anachita kulemba zifukwa 88 zoti mkwatulo uchitika chaka chimenecho. Chaka chinadutsa. Ena anayamba kuwerengera kuchokera mu 1967, ena anatalikitsa mbadwowo. Chonsecho Luka 21:29 akuti onani mkuyu ndi mitengo yonse, kusonyeza kuti ndi fanizo la nyengo chabe. Ndipo ophunzira atafunsa pa Machitidwe 1:6 ngati ino ndiyo nthawi yobwezera ufumu kwa Israyeli, Yesu anawauza kuti nthawi ndi nyengo si zawo kuti azidziwe, iwo akakhale mboni.

Pamene ine ndaimapo kwenikweni ndi apa. Ngakhale titavomera kuti dzanja la Mulungu linalipo mu 1948, zimenezo sizichotsa boma lililonse pa mlandu. Pa Yeremiya 25:9 Mulungu akutcha Nebukadinezara mtumiki wake, pa vesi 12 akuti adzalanga mfumu ya Babulo chifukwa cha mphulupulu zake. Dziko lolonjezedwalo linali ndi malamulo ake: Levitiko 25:23 akuti dzikolo ndi la Mulungu, Aisrayeli ndi alendo m'menemo, ndipo Levitiko 18:28 akuchenjeza kuti likhoza kuwasanza. Ezekieli yemwe uja wa mafupa owuma, pa chaputala 47, akulamula kuti alendo okhala pakati pawo alandire cholowa pamodzi ndi mafuko a Israyeli. Ahabu anali mfumu ya Israyeli, koma atalanda munda wa Naboti, Eliya anamupeza m'munda momwemo. Ngati kudzudzula olamulira a Israyeli kuli kutemberera Abrahamu, oyamba kutembereredwa ndi Eliya, Amosi ndi Yeremiya.

Palinso anthu amene pa maulaliki amenewa satchulidwa, Akhristu a Chipalestina a ku Betelehemu, Beit Jala ndi Gaza. Mu 2006 atsogoleri anayi a mipingo ku Yerusalemu, kuphatikizapo Michel Sabbah wa Katolika ndi Munib Younan wa Lutheran, anasaina chikalata chokana chiphunzitso chimene munamvachi, chotchedwa Christian Zionism. Pa 7 October 2023 gulu la Chipalestina la Hamas linapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel n'kugwira ena pafupifupi 250, ndipo kumeneko ndi kupha kumene Mkhristu sangakuikire kumbuyo. M'mwezi womwewo bomba la Israel linagwetsa nyumba ya pa tchalitchi cha Saint Porphyrius ku Gaza, anthu amene anathawiramo n'kufa, ndipo chiwerengero cha ophedwa ku Gaza chinafika m'zikwi makumimakumi. Akhristu a Chipalestinawa timadya nawo mgonero umodzi. Ayuda nawonso sagwirizana onse: a gulu la Satmar amakhulupirira kuti boma la Chiyuda siliyenera kukhalapo Mesiya asanabwere. Ena amadabwa ndi chikondi cha alaliki amene amawerenga Zekariya 13:8 n'kumayembekezera kuti magawo awiri mwa atatu a Ayuda adzafa pa chisautso chachikulu.

Kuno kwathu ubale ndi Israel ndi wakale. Kamuzu sanaudule mu 1973 pamene maiko ambiri a mu Africa anatero, achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko kumapeto kwa 2023, ndipo mu 2024 Malawi anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Izi ndi nkhani za boma, tikhoza kuzikambirana ngati ndi zaphindu kapena ayi, koma asatiopseze nazo kuti mvula ndi chuma chathu zadalira pamenepo.

Abusa anu musakakangane nawo pagulu, achimwene. Kawapezeni mwaulemu Baibulo lili m'manja, muwerenge limodzi Agalatiya 3 ndi Ezekieli 47:21-23, muwafunse kuti Mkhristu wa ku Betelehemu amene munda wake uli kuseri kwa khoma limene Israel anamanga akulowa pati pa lonjezo la Abrahamu. Akakuyankhani mudzatiuze muno, inenso ndikufuna kumva.