Achimwene, tengani alamu mupite ku Likoma, Zanzibar idikire kaye

Achimwene mwafunsa kuti mukufuna kutenga alamu mukapitidwe mphepo pa chilumba chamchenga pokumbukira zaka 5 muli pabanja, ndalama zilipo koma zowerengeka, ndiye maganizo anu ali pa Zanzibar poti ndi komwe aliyense akujambulitsa masiku ano. Ine ndikupemphani chinthu chimodzi, pitani ku Likoma. Ine ndi mayi akunyumba tinapitako mwezi wa Okutobala, tinagona masiku anayi, mpaka lero akakhala phee madzulo amangoyamba okha kuti koma kuja tidzapitenso liti.

Zanzibar ndi yokongola, sindikutsutsa, koma nkhani yake ndi madola. Boti lochoka ku Dar es Salaam mlendo amamutchaja mtengo wa m'madola, malo ogona ambiri chimodzimodzi, ndiye mu Okutobala 2024 anayambitsanso inshuwalansi yokakamiza ya madola 44 kwa mlendo wolowa pachilumbapo, apo simunadye ngakhale chipisi. Mukudziwa nokha mmene dola ikuvutira kubanki kuno, mukati mukaigule kumbali bajeti yonse ithera pompo. Ku Likoma mulipira makwacha kuchoka pakhomo panu mpaka kubwerera, ngakhale malo aja amene amalemba mitengo m'madola amalandira makwacha. Pasipoti siifunika, chilumbachi chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique koma ndi boma la Malawi lomwe, mungonyamula chitupa cha unzika basi.

Tsopano kayendedwe, poti apa ndi pamene ndalama imapulumukira kapena kuthera. Ndege zing'onozing'ono zimatera ku Likoma koma zimenezo ziiwaleni, n'zoboola m'thumba. Inu yanu ndi Ilala. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951, anaipangira ku Scotland n'kudzailumikiza kuno, ndipo ndondomeko yomwe yakhalapo kwa zaka zambiri ndi yakuti imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba, pobwerera imachoka pa Nkhata Bay Lolemba usiku, kuima pa Chizumulu, kenako Likoma Lachiwiri m'mawa. Ikamapitanso kumpoto imadutsa pa Likoma Loweruka, ndiye mukaona bwino ikukupatsani yokha masiku anayi, Lachiwiri mpaka Loweruka, holide yokwanira ndithu. Koma imbani kaye ku ofesi ya sitima sabata yomwe mukunyamukayo, nthawi zina imakhala ikukonzedwa ndiye pamayenda maboti ena, ndipo nthawi yonyamuka imatengera katundu ndi mphepo. Ngati muli ku Lilongwe kwerani basi ya ku Mzuzu Lamulungu kapena Lolemba m'mamawa kwambiri, kuchoka Mzuzu kutsika ku Nkhata Bay ndi pafupifupi makilomita 50, maminibasi ndi masienta ali mbwee.

Pa tikiti ndikuuzeni zoona. Pansi mu ekonome ndi motchipa kwambiri koma mumadzaza thithithi, matumba a chimanga, malata, makreti, nkhuku, madengu a usipa, kutentha kwa injini, munthu wopita kukagula nsomba zimamuyenera koma inu mwatenga alamu kokasangalala, musawayambitse ulendo ndi mutu wowawa. Kabini ndi yabwino koma pa usiku umodzi wokha mtengo wake mutha kugonera masiku awiri pachilumba. Dulani tikiti ya pamwamba pa deki. Mumagona panja, matiresi amabwereketsa, inu mungotenga bulangete limodzi lalikulu ndi majuzi chifukwa pakati pa usiku mphepo ya panyanja imalowa m'mafupa ngakhale mu Okutobala. Ife tinayala chakumbuyo, sitima ikungoti gudugudu pansipa, kumwamba nyenyezi zili waliwali, ndiye titatalikira Nkhata Bay tinayamba kuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi ngati tauni yathunthu, mayi akunyumba anadzuka n'kukhala tsonga atafunda bulangete mpaka kumutu, anakhala choncho mwina ola lathunthu osayankhula. Chimenecho simungachigule ndi tikiti ya ndege. Thumba la ndalama ndi mafoni muzitsamira, pa sitima pamakhala anthu osiyanasiyana.

Ife titafika tinatsika pa maboti ang'onoang'ono otitengera kumtunda, anthu akupatsirana katundu ndi ana pamwamba pa mitu, pomaliza tinaponda m'madzi ofika m'mawondo. Ndiye masutikesi a matayala aja asiyeni kunyumba, tengani zikwama zoberekera, valani mapatapata, mafoni ndi ndalama mumange mu jumbo kawiri. Alamu avale chitenje kapena buluku lopindika, diresi yabwino ija aisunge ya zithunzi za madzulo.

Pogona. Kaya Mawa muimva kutchuka, ndi yokongoladi koma ndi ya anthu a madola, mungoidziwa dzina. Mango Drift ili pagombe la kumadzulo moyang'anana ndi Chizumulu, ili ndi tinyumba, zipinda zogona anthu ambiri komanso malo okhoma tenti, ndipo dzuwa limalowera kutsogolo kwanu kwenikweni. Kulinso Ulisa Bay cha kumpoto. Kufupi ndi Mbamba, komwe kuli msika ndi maofesi a boma, kuli maresitihausi wamba otsika mtengo. Chimene tinachita ife, ndipo ndikukulangizani chomwecho, ndi kugawa pakati: masiku awiri oyamba resitihausi ya kufupi ndi msika, kudya zakumsika, kuyenda chilumba chonse, kenako masiku awiri omaliza kupita kugombe kukagona kanyumba koti ukatsegula chitseko phazi likuponda mchenga. Mukayamba ndi kotchipa n'kumalizira kokoma alamu abwerera akumwetulira, mukasemphanitsa ndiye resitihausi ija iwawawa. Ngati muli ndi tenti kapena mnzanu angakubwerekeni ndiye mwapulumutsa zochuluka kwabasi, mumagona pamchenga womwewo umene akugona olipira zambiri. Poimba foni kubukitsa funsani mosachita manyazi ngati ali ndi mtengo wa a Malawi, malo ambiri a kunyanja amakhala nawo koma sayamba okha kukuuza. Mukalowa m'chipinda yang'anani neti ngati ilibe mabowo, loko wa chitseko, ndi madzi kubafa, musanapereke ndalama.

Zakudya ndi pamene anthu ambiri amaonongera osazindikira. Ku Likoma nthaka ndi yamiyala, ufa, shuga, mafuta, zakumwa, zambiri zimabwera pa sitima yomweyo ndiye mitengo imakwererako. Gulirani ku Mzuzu kapena pa Nkhata Bay zinthu ngati masikono, chiponde, tiyi, shuga, mtedza, mabisiketi, kuti kadzutsa asakudyereni ndalama. Masana idyani m'malesitilanti a kumsika, nsima ya kondowole ndi usipa wauwisi kapena utaka, ukapeza batala kapena kampango wootcha ndiye usaphethire. M'mawa mukalawirira kugombe asodzi akamabwera mumagula nsomba ikadali kuphiriphitha, n'kupempha mayi wa pamalo pomwe mukugonapo akukonzereni, mumawathokoza ndi kangachepe. Chakudya cha pa loji chisungeni cha usiku umodzi wokha, wa tsiku lenileni la chikumbutsolo, pamenepo musaumire, itanitsani chomwe alamu akufuna, mukhale pamchenga mapazi ali m'madzi.

Chilumbachi ndi chaching'ono, kukula kwake ndi masikweya kilomita 18 okha, kutalika kwake mwina makilomita 8, ndiye thiransipoti yeniyeni ndi miyendo yanu, mukatopa njinga zamoto zilipo. Njira zimadutsa pakati pa milambe ikuluikulu ndi mitengo ya mango, ukakwera kachitunda umaona mapiri a Mozambique pafupi penipeni ndi kamudzi ka Cobue kutsidyako. Muziyenda m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa likaswa mtengo miyala ija imatentha koopsa. Anthu ake ndi aulemu, muziwapatsa moni, ndipo pagombe lomwe amayi akuchapa kapena abambo akusoka maukonde musangotulutsa foni n'kuyamba kujambula, pemphani kaye. Zovala zosambira zikhale za kugombe la loji, m'mudzi alamu amange chitenje.

Koma chimene sindikufuna muphonye ndi tchalitchi cha St Peter's, kaya ndinu a mpingo wanji. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pachilumbapa m'zaka za m'ma 1880, omwewonso amene anamanga tchalitchi chachikulu cha ku Zanzibar pamalo pomwe panali msika wa akapolo, ndiye mukuona kuti mbiri ya zilumba ziwirizi ndi yolumikizana. Cha ku Likoma anayamba kumanga mu 1903, pamalo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankaotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Ukamva mbiriyo uli chiimire pakhomo thupi limachita tsemwe. Ndi chachikulu zoti sungakhulupirire kuti chili pa kachilumba kotere, cha miyala ndi njerwa, denga la malata, mawindo a magalasi amitundumitundu, mipando ya kwaya yosemedwa pamwala. Ife tinalowa masana kunja kukuwotcha, mkatimo muli zii, kuwala kwa mawindo kuja kutagwera pansi kofiira ndi kobiriwira, mayi wina wachikulire akusesa pang'onopang'ono kwinaku akung'ung'udza nyimbo. Tinakhala pa benchi limodzi, ndinagwira dzanja la mayi akunyumba, tinapemphera za banja lathu mwakachetechete, ndipo pa ulendo wonse mphindi zimenezo ndi zomwe zinandikhudza kwambiri. Amene amakuonetsani malowo mumusiyire kenakake, komanso muponye m'bokosi la zokonzetsera, nyumba ngati imeneyo kuisamala si masewera. Bishopu Chauncy Maples amene dzina lake linapatsidwa sitima ina yakale ya panyanjapa anali wa mishoni yomweyi, anamira m'nyanjayi mu 1895.

Kusambira ndi ulere, ndipo apa ndi pamene Likoma imaposera malo ambiri. Madzi ndi oyera mbee, opanda mchere woyabwa m'maso, ndipo sathawa masana ngati a kunyanja yamchere komwe gombe limasanduka matope kwa maola angapo. Bwerekani magalasi oonera pansi pamadzi pa loji, pitani pamiyala, muona nsomba zotchedwa mbuna, za buluu, zachikasu, zamizeremizere zikukuzungulirani. Mayi akunyumba sadziwa kusambira, anangoima madzi a m'chiuno atandigwira phewa n'kuviika nkhope, anatuluka akukuwa ndi chimwemwe kuti zikundiyang'ana. Funsani eni malo pomwe pali pabwino kusamba, pewani pamabango, ndipo usiku musalowe m'madzi, ng'ona m'nyanja muno zilimo. Wopalasa bwato akati akuyendetseni, gwirizanani mtengo musanakwere ndipo funsani jekete yoyandamitsa, akati palibe musakwere, makamaka ngati mmodzi wa inu sasambira.

Nyengo muisankhe bwino. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, nyanja imakalipa, sitima imapendama uku ndi uku, munthu wosazolowera amasanza mpaka ndulu, musawachite zimenezo alamu pa ulendo woyamba. Seputembala mpaka Novembala ndi nthawi yabwino, madzi amakhala bata masiku ambiri, kumatentha inde koma nyanja ili pompo, ndipo chakumapeto kwake mango amayamba kupsa, chilumba chonse chimanunkhira. Disembala pa Khirisimasi anthu akwawo amabwerera kumudzi ndiye sitima imadzaza ndipo malo ogona amavuta, mvula nayo imakhala yayamba.

Zaumoyo mwachidule: neti ndi mafuta othamangitsa udzudzu, madzi akumwa otetezedwa, mapanado, mankhwala a nseru ngati alamu amachita chizungulire m'galimoto. Chipatala cha St Peter's chilipo pachilumbapo. Mukabwerera, pakatha miyezi iwiri pitani nonse kuchipatala akakuyezeni likodzo, aliyense wosamba m'nyanja ayenera kutero, mankhwala ake ndi osavuta.

Ndalama tengani ya m'manja yokwanira, yosinthasintha, ina muike mu Airtel Money kapena Mpamba, musadalire khadi la kubanki. Netiweki imagwira koma malo ena imazimiririka, nthawi zina foni imakokera ya ku Mozambique ndiye muzimitse roming isakudyereni mayunitsi. Pawabanki ndi tochi musaiwale. Ndalama ya tikiti yobwerera, ya basi ya kwanu ndi ya usiku umodzi wapadera muimange payokha mu envelopu tsiku loyamba lomwe, aisunge alamu, isakhudzidwe zivute zitani. Kuntchito pemphani tchuthi mpaka Lolemba linalo, chifukwa mukachoka pa Likoma Loweruka mufika pa Nkhata Bay usiku kapena m'bandakucha wa Lamulungu, ndipo nyanja ikavuta simukufuna muzikhala pagombe mtima uli m'mwamba poganiza abwana.

Simunanene komwe mukunyamukira. Ngati ndi ku Blantyre kapena Zomba, musavutike ndi ulendo wa ku Mzuzu, kakwereni pa Monkey Bay Lachisanu, mufika Loweruka, mubwerera Lachiwiri n'kutsika pa Monkey Bay pomwepo Lachitatu. Tikiti ikwererapo poti mtunda ndi wautali ndipo pachilumba mugona masiku atatu okha, koma mukhalako Lamulungu, mukamva kwaya ikuimba mu St Peter's, chimene ife tinachiphonya ndipo ndi chifukwa chake tikusunga ndalama zobwererako. Mundiuze tauni yanu ndi mwezi womwe mukuganiza, ndikuthandizani kuyala masikuwo.