Mabawuti a sitata ndi mmene malonda a masipeya amayendera

Achimwene, mwandifunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Mwati munagula sitata ya Toyota Sienta yanu kwa munthu wina amene amabweretsa zipangizo za galimoto kuchokera kunja, koma inafika yopanda mabawuti ake, ndipo amene makaniko wanu anakagula m'sitolo ya hadiweya akumangolowa pang'ono n'kukakamira. Mwatinso inu mukulingalira zoyamba malonda omwewa ndipo mukufuna kudziwa mmene amayendera. Ndiyankha zonsezi limodzi, chifukwa kwa ine amene ndakhala zaka zambiri ndikukwera mabasi a ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam kukapikula masipeya, nkhani ya bawutiyo ndi phunziro loyamba la malondawa.

Sitata imamangiriridwa pamalo pamene injini imakumana ndi giyabokosi, kawirikawiri ndi mabawuti awiri okha, nthawi zina atatu. Mabawutiwo amachititsa kuti kagiya kakang'ono ka sitata kazilumana molunjika ndi mano a fulayiwilo (gudumu lachitsulo la mano limene sitata imazunguza polizitsa injini), komanso magetsi amene achokera ku batire amabwerera kudzera m'thupi la sitata yomweyo pamene yakhudzana ndi giyabokosi. Choncho bawuti ikakhala yokhwepa, galimoto imalira mokukuta ngati munthu akunola chikwanje, mano a fulayiwilo amayamba kudyeka, ndipo masiku ena sitata imangoti kete! osazungulira, mwiniwake n'kumanamizira batire.

Chimene chikuvutitsa makaniko wanu ndi mathiredi, mizere yozungulira pabawuti ija. Pa Toyota zazing'ono zambiri, mabawuti a sitata amakhala a mamilimita 10 kunenepa kwake, amene timawatchula kuti M10, ndipo mtunda wa pakati pa thiredi imodzi ndi inzake ndi mamilimita 1.25. Koma M10 wamba amene amadzaza m'masitolo a hadiweya, ngakhalenso pagalimoto zambiri za ku Ulaya, mtundawo ndi mamilimita 1.5. Poyang'ana ndi maso mabawuti awiriwa amafanana ngati mapasa, ndipo yolakwikayo imalowa ndithu kamodzi kapena kawiri isanakakamire, n'chifukwa chake amakaniko ambiri amaganiza kuti m'bowo muli dzimbiri chabe, n'kutenga sipanala yaitali kuti aikakamize. Bowolo lili m'chitsulo cha aluminiyamu, chimene ndi chofewa kwambiri kuyerekeza ndi bawuti, ndiye chimene chimagonja ndi giyabokosi yanu.

Ndikunena zimene zinandionekera. Ndikungoyamba kumene ndinagula masitata angapo pamalo ena ophwasulirapo galimoto, ndipo wogulitsa atandifunsa ngati ndikufunanso mabawuti ake ndinakana, poganiza kuti akufuna kundidyera ndalama pa tizitsulo timene ndingathe kutipeza pamsika uliwonse kwathu. Imodzi mwa masitatawo inagulidwa ndi bambo wina wa minibasi. Patangopita masiku atatu anabwera pashopu atanyamula bawuti m'manja, m'mathiredi ake mutadzaza tizingwe tonyezimira ta aluminiyamu ngati waya wa m'koyilo. Makaniko wake anali atapsereza bowo. Mlandu sunali wanga kwenikweni, koma ndine ndinalipira munthu woboolanso ndi kuikamo kasipuling'i kobwezeretsa mathiredi kamene amati Helicoil, chifukwa wa minibasi akakhumudwa amakauza pasiteji ponse. Phindu la sitata imeneyo linathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo sitata iliyonse yogwiritsidwapo kale ntchito imene ndagula, mabawuti ake ndimawalowetsa m'makutu ake momwemo, pamene pali mabowo omangira sitatayo, n'kuwamanga ndi waya, ndipo wogulitsa akati anatayika ndimamutsitsa mtengo.

Pali njira zosavuta zodziwira bawuti popanda zida zodula. Ikani rula pambali pake muwerenge mathiredi amene ali pa mamilimita 10: mukapeza 8, imeneyo ndi ya 1.25, koma mukapeza pakati pa 6 ndi 7 ndi ya 1.5. Mukakhala ndi bawuti imodzi yoyambirira, igundanitseni ndi yatsopanoyo mathiredi kwa mathiredi, muyang'ane kudzuwa. Zofanana zimalumana bwinobwino osasiya mpata woti kuwala kudutse. Mutu nawonso umanena kumene bawuti inachokera. M10 ya galimoto za ku Japan imamasulidwa ndi sipanala ya 14, pamene ya ku Ulaya imafuna 16 kapena 17, ndipo M8 ya ku Japan imafuna 12 pamene inayo imafuna 13. Chenjeraninso ndi mabawuti a muyezo wa mainchesi, a galimoto zakale za ku America. Ya 3/8 ndi yochepa pang'ono poyerekeza ndi M10, motero imalowa mosavuta m'bowo la M10 ya 1.5, koma imagwira ndi nsonga za mathiredi zokha ndipo imadzazuka galimoto ikamagunda m'maenje.

Kutalika ndi nkhani ina imene anthu amaiderera. Bawuti timaiyeza kuyambira kunsi kwa mutu kukafika kunsonga, ndipo nthawi zina mabawuti awiri a sitata imodzi sakhala ofanana kutalika. Yaifupi imagwira mathiredi ochepa n'kuwazula mukamamanga, pamene yaitali kwambiri imakafika pansi pa bowo, inu n'kumaona ngati yalimba chonsecho sitata ikugwedera, ndipo pagalimoto zina bowolo ndi lotulukira mkati moti nsonga ikhoza kukakhudza fulayiwilo. Lowetsani kawaya m'bowo kuti mudziwe kuya kwake, muphatikizepo kuchindikala kwa khutu la sitata, kenako muchotsepo mamilimita awiri kapena atatu. M'chitsulo cha aluminiyamu, M10 iyenera kulowa mamilimita osachepera 15. Pa Volkswagen zina mudzapeza kuti bawuti ya sitata ndi yaitali modabwitsa chifukwa ndi yomweyo imene imathandizanso kugwira giyabokosi ku injini, ndipo ina imakhala ndi kachitsulo ka mathiredi pamwamba pa mutu komangirapo waya, ndiye imeneyo simungailowetse m'malo ndi bawuti wamba. Pamutu pa bawuti yogula payenera kukhala nambala yosonyeza kulimba kwake, 8.8 kapena 10.9. Yopanda chizindikiro chilichonse ndi ya pageti kapena pawilibala.

Tsopano za malonda. Chinthu choyamba kuchidziwa ndi chakuti kumene mukagule kumadalira galimoto zimene makasitomala anu ali nazo. Ma Sienta, Vitz, Passo ndi Probox amene adzaza m'misewu yathu anapangidwira msika wa ku Japan ndipo ambiri amalowera padoko la Dar es Salaam. Dziko la South Africa silimalola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizigulitsidwa kwa anthu ake wamba, choncho mukafika pakauntala ku Johannesburg n'kutchula Sienta yakale, kompyuta yawo nthawi zambiri siyiidziwa. Kumeneko ndi kwa Hilux yopangidwa ku Durban, Ford Ranger ya ku Pretoria ndi Polo. Za galimoto za ku Japan ndimazipeza ku Ilala mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo anzanga a mpamba waukulu amapita ku Sharjah kumene amagula galimoto zodulidwa pakati, injini, giyabokosi ndi sitata zili pamodzi, bawuti iliyonse ili pamalo pake. Ubwino wa katundu wotero ndi womwewo, ndipo ndikanakhala ndi ndalama zokwanira kontena sindikanagulanso sitata yapayokha.

Musalandire oda ya munthu amene wangokuuzani dzina la galimoto. Mufunseni nambala ya chasisi ndi ya injini, mwachitsanzo NCP81 ndi 1NZ-FE monga zimakhalira pa Sienta zoyambirira zambiri, mudziwenso ngati giyabokosi ndi ya otomatiki kapena ya manyuwo, popeza injini imodzi ikhoza kukhala ndi masitata osiyana. Masitata a Toyota nambala yake imayamba ndi 28100, ndipo ambiri ndi opangidwa ndi Denso, amene amamatapo chipepala chake. Muuzeni kasitomala ajambule chipepalacho, awerenge mano a kagiya, ayezenso mtunda wa pakati pa mabowo awiri a mabawuti aja, zonse akutumizireni pa WhatsApp musananyamuke. Ngati ndi lole, funsani ngati ndi ya mavoti 12 kapena 24. Katundu amene mwawoloka naye malire sabwezedwa, ndipo sitata yolakwika imakhala pashelefu chaka chathunthu itamanga mpamba wanu.

Ulendo wa ku Johannesburg umadzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, pamene wa ku Dar es Salaam umalowera pa Songwe. Masitata ndi olemera, ndipo a mabasi amalipiritsa katundu poyang'ana kulemera ndi kukula kwake, ndiye zimenezi muziwerengere mumtengo musanalonjeze munthu. Pachipata a MRA amafuna malisiti, ndipo m'buku la msonkho sitata ili ndi nambala yake, 8511.40, pamene mabawuti ogula paokha ali pa 7318.15. Mukapikula mabawuti atsopano ambiri, alembedwe pamzere wawowawo palisiti kuti musakangane ndi okhometsa msonkho. Musanyengedwe ndi mawu akuti katundu wa m'maiko a SADC salipira msonkho wolowera, chifukwa mwayi umenewo ndi wa zinthu zopangidwa m'maikowa zokhala ndi chikalata chotsimikizira. Sitata yopangidwa ku Japan kapena ku China sisanduka ya ku South Africa chifukwa choti mwaigula ku Johannesburg. Vuto lalikulu kuposa msonkho ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anagulitsa katundu pamtengo wakale analephera kubwereranso kukaoda wochuluka ngati poyamba. Mtengo wogulitsira muziuika poganizira zimene mudzalipire ulendo wotsatira.

Ine mabawuti a M10 a 1.25 ndimawagula ambiri, a utali wosiyanasiyana, n'kuwasunga m'mabotolo olembedwa bwino. Salemera, satenga malo m'chikwama, ndipo makaniko amene wawapeza kwa inu Loweruka masana, galimoto ya bwana ili pajeki, amadzabweranso kudzagula zazikulu.

Kunena za Sienta yanuyo, muuzeni makaniko asiye kukakamiza. Ayambe wafufuza mabawuti amene anamasula pochotsa sitata yakale, chifukwa ngati yatsopanoyo ndi yoyenera, omwewo ndiwo oyenera kubwererapo. Ngati anatayika, pitani kumalo kumene amaphwasula galimoto mukapemphe a pagiyabokosi ya 1NZ, mutanyamula sitatayo kuti muyezere pomwepo. Poikapo achotse kaye waya wa negetivu pabatire, apale dzimbiri ndi mafuta pamalo pokhudzana sitata ndi giyabokosi, kenako alowetse mabawuti onse awiri ndi zala mpaka mitu itatsala pang'ono kukhala pansi asanagwire sipanala. Bawuti ikakana zala aitulutse, muone ngati mathiredi a m'bowo sanawonongeke kale ndi ija ya kuhadiweya.