Kodi mfuti zingati ndi zokwanira? Yankho kwa wowerenga wa ku Limpopo

Bambo wina wochokera ku Malawi, amene wakhala zaka zambiri ku Limpopo m'dziko la South Africa ndipo ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, wandilembera pa imelo. Akuti ali ndi pisitolo ya 9mm yodzitetezera komanso mfuti yaitali ya .308 imene amasakira nswala nyengo yozizira. Tsopano mtima wawo uli pa shotgun, mfuti yowombera mbalame, ndiponso mnzawo akugulitsa mfuti ya .375 pamtengo wotsika. Akazi awo sakugwirizana nazo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi munthu ayenera kukhala ndi mfuti zingati kuti anene kuti basi zakwana?"

Bambo, m'dziko limene mukukhalalo lamulo linayankha kale mbali ina ya funso lanu. Lamulo la Firearms Control Act la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2004, limafuna kuti mfuti iliyonse ikhale ndi chiphaso chakechake, ndipo mwini wake afotokoze chifukwa chimene akuifunira. Gawo 13 limalola mfuti imodzi yokha yodzitetezera, ndipo chiphaso chake chimatha pakapita zaka 5. Gawo 15, la anthu osaka kapena kuchita masewera owombera mwa apo ndi apo, limalola mfuti zinayi, koma munthu amene ali kale ndi ya gawo 13 amangololedwa zitatu, kotero kuti zonse pamodzi sizipitirira zinayi. Ziphaso za gawo limeneli zimatha pakapita zaka 10. Wofuna kuposa pamenepa ayenera kulowa bungwe lovomerezeka, monga SA Hunters and Game Conservation Association, n'kuzindikiridwa ngati mlenje wodzipereka pansi pa gawo 16, kapena akhale wosonkhanitsa mfuti za mbiri yakale pansi pa gawo 17. Inu muli ndi ziwiri, choncho malo awiri akadalipo. Komabe lamulo likanena kuti zinayi, likungoika malire. Silikunena kuti munthu aliyense afike pamenepo.

Maganizo anga ndi akuti mfuti zimakwana pamene ntchito iliyonse imene mumachitadi yapeza mfuti yake, ndipo palibe ina imene ikungokhala m'sefa popanda chochita. Mawu ofunika apa ndi akuti "mumachitadi". Mfuti yanu ya .308 imagwetsa nswala, njiri, nyumbu ngakhale ngoma ngati chipolopolo chili choyenera ndipo mwalunjika pamalo pake, ndiye kuti nyama zambiri za m'tchire la ku Limpopo zatheka kale ndi mfuti imodzi. Shotgun ili ndi ntchito imene .308 singagwire, chifukwa nkhanga kapena nkhwali youluka siwomberedwa ndi chipolopolo chimodzi cholemera chimene chikaphonya chimapita kutali kwambiri. Ngati chaka chilichonse mumatsagana ndi anzanu kokasaka mbalame n'kumabwereka mfuti, igulenidi, pakuti ntchito yake ilipo kale ndipo ikungodikira chida.

Nkhani ya .375 ndi ina. Imeneyi ndi mfuti ya nyama zoopsa ngati njati, ndipo kusaka njati imodzi kumadya ndalama zimene anthu ambiri olembedwa ntchito sangazipeze m'miyezi ingapo. M'kalata yanu simunatchule njati paliponse. Chimene mwatchula ndi mtengo wotsika. Kutsika kwa mtengo ndi chifukwa chabwino chogulira thumba la ufa, koma pa fomu ya SAPS 271, yofunsira chiphaso cha mfuti kupolisi, mudzafunsidwa chimene mukufuna kuchita ndi mfutiyo, ndipo wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya kwanuko pamodzi ndi a ku Central Firearms Registry, ofesi ya apolisi yosunga kaundula wa mfuti m'dzikomo, adzawerenga yankho lanu. Ngati inu nokha mukuvutika kulemba ndime imodzi yoona yofotokoza ntchito yake, dziwani kuti yankho mwalipeza kale.

Pali mtolo wina umene anthu sauona pa tsiku logula. Mfuti iliyonse imabwera ndi tsiku lake lothera chiphaso, ndipo pempho lochikonzanso liyenera kuperekedwa kusanatsale masiku 90 kuti chithe. Mu 2018 khoti la Constitutional Court linagamula kuti ndime za lamulo zokhudza kukonzanso ziphaso ndi zovomerezeka, kutanthauza kuti munthu amene chiphaso chake chatha akusunga mfuti mosemphana ndi lamulo, ngakhale anaigula ndi ndalama zake. Mfuti zinayi ndi masiku anayi osiyana oti muziwakumbukira, kuphatikiza satifiketi yosonyeza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti zamtunduwo. Mfuti iliyonse imafunanso zipolopolo zake, zimene lamulo limati zisapitirire 200 pa chiphaso chimodzi kwa munthu wa m'gulu lanu, imafuna kupukutidwa ndi kudzozedwa mafuta kuti dzimbiri lisalowe mumpope, ndipo koposa zonse imafuna kuti mwini wake aziyeserera. Munthu amene amawombera mfuti imodzi kawirikawiri amadziwa kulemera kwa chowombera chake pa chala, amadziwa mmene imakankhira phewa ndi pamene chipolopolo chimagwera pa mtunda wa mamita 200. Nthawi ndi ndalama zomwezo zikagawidwa pa mfuti zinayi, luso limachepa pa iliyonse, ndipo chotsatira chake ndi nswala yovulala imene imathawira m'minga n'kukafera kutali.

Za akazi anu ndikupemphani kuti musazitenge ngati chopinga choti muchilambalale. Iwo amagona m'nyumba momwemo, ndipo ndi amene amakhala ndi ana pamene inu muli kuntchito. Afunseni chimene chikuwadetsa nkhawa kwenikweni. Mwina ndi ndalama, mwina ndi mwana amene wayamba kufufuza pamene pamakhala makiyi, mwinanso akuopa kuti anthu akamva zoti panyumba pali mfuti zambiri, akuba adzabwera chifukwa cha mfutizo. Nkhawa yotsirizayi ili ndi maziko, pakuti mfuti zobedwa m'nyumba ndi njira imodzi imene zida zimafikira m'manja mwa zigawenga. Lamulo limafuna sefa yovomerezeka yomangiriridwa kukhoma kapena pansi, limafuna kuti mfuti ikabedwa kapena kutayika mukanene kupolisi pasanathe maola 24, ndipo zikaoneka kuti munalekerera mukhoza kuimbidwa mlandu ndi kulandidwa ngakhale zotsalazo.

Taganiziraninso za mwezi wa December, pamene mumanyamuka kupita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Chiphaso cha ku South Africa chimathera pamalire, ndipo kuwoloka ndi mfuti kumafuna zilolezo za dziko lililonse limene mukudutsamo ndi la Malawi lomwe. Choncho mfutizo zimatsala m'nyumba yotseka kwa milungu ingapo, ndipo makiyi a sefa sangasiyidwe kwa mlamu kapena woyandikana naye nyumba amene alibe chilolezo. Chimodzimodzinso tsiku limene mudzaganize zobwerera ku Malawi kotheratu, kapena mukadzamwalira: mwana salandira mfuti ngati mmene amalandirira njinga, ayenera kupeza chiphaso chake, ndipo nthawi zambiri akhale atakwanitsa zaka 21. Zikapanda kutero, woyendetsa chuma cha masiye ayenera kuigulitsa, kuiphetsa kuti isawomberenso, kapena kuipereka kupolisi, ndipo ntchito yonseyi imagwera banja limene lili pa chisoni.

Malinga ndi zimene mwalemba, ndikuona kuti zitatu zikukwanirani: pisitolo, .308, ndi shotgun ngati kusaka mbalame kulipodi ndipo mwagwirizana ndi akazi anu. Ndalama za .375 zija mugulire sefa yolimba yokwana mfuti zaitali ziwiri ndi zipolopolo zoyeserera, ndipo mnzanuyo mumuuze mwaulemu kuti apeze wogula amene ali ndi njati yoti akasake.