Ovina a ku Ulaya atiitana, tipite?

Achemwali ena a ku Ndirande andilembera imelo. Amayenda pa njinga ya olumala, ali ndi kagulu kovina ndi anzawo, ena mwa iwo osamva, ndipo aitanidwa kukakonza gule limodzi ndi ovina ochokera ku Ulaya. Akufunsa: "Kodi si zongotijambula kuti akapezere ndalama kwawo?"

Achemwali, pitani. Koma musanavomere, funsani kuti guleyo adzapeka ndani. Akayankha kuti masitepe abwera nawo kale, inu mungotsanzira, dziwani kuti akufuna zithunzi basi.

Mavinidwe osakaniza aulumali ndi ena sanayambe dzulo. Gulu la Candoco linayamba ku London mu 1991, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa, Celeste Dandeker, analumala atagwa ali mkati movina mu 1973. Ku Cape Town kuli Unmute, gulu lomwe limalowetsa chinenero chamanja m'gule mwenimwenimo. Kwa anthu amenewa njinga siyobisa kuseri. Amaipendeketsa, amaizunguza pa mateyala awiri, mnzawo n'kuitsamira ndi thupi lonse. Luso lonyamulana kulemera ndi kugwa osavulala n'loti muphunzire ndithu, kuno owaphunzitsa zimenezi ndi osowa.

Nanunso musapite chimanjamanja. Iwo amawerenga mpaka 8 kuti ayambe sitepe, ife timamvera ng'oma. Muwaonetse beni, mapewa aja akugwedezeka mwachisilikali, munthu ali chikhalire pa njinga. Muwaonetse manganje. Anzanu osamvawo muwaike pafupi ndi ng'oma yaikulu, makamaka ngati pansi pali matabwa, chifukwa kugunda kwake amakumva m'mapazi ndi pachifuwa. Alendo ambiri zimenezi zimawadabwitsa. Za gule wamkulu zokha ayi. Alendo amakonda zigoba, koma guleyo ali ndi eni ake kudambwe, ndiye akapempha mukane mwaulemu.

Tsono zapansipansi, zomwe zimapha ntchito zoterezi. Kaoneni nokha holoyo tsiku lisanafike: makwerero alipo angati, nanga khomo la chimbudzi njinga ikulowa? Ya thiransipoti aiwerenge bwino, poti mukudziwa momwe makondakitala ena amachitira, kulipitsa njinga ngati munthu wachiwiri, kapena kukudutsani pa siteji ngati sanakuoneni. Womasulira chinenero chamanja akhalepo tsiku lililonse, osati pachionetsero pokha, ndipo alipidwe. Pomufuna yambani kufunsa ku MANAD, bungwe la anthu osamva. FEDOMA, bungwe lalikulu loimira mabungwe a anthu aulumali, lili konkuno ku Blantyre ngati mukufuna wokuthandizani kuwerenga mgwirizano.

Mgwirizanowo ukhale wolembedwa. Unene malipiro a masiku oyeserera, osati fanta ndi mabanzi. Unene kuti mayina anu adzalembedwa pa chikalata cholengeza ngati opeka nawo gule, ndiponso kuti vidiyo ikadzaikidwa pa YouTube mudzakhala mutaiona kaye n'kuvomereza. Pomaliza afunseni ngati mudzaloledwa kuvina gule yemweyo panokha iwo atakwera ndege.