Mayankho kwa alimi a paini pa nkhani ya tizilombo tomata pa nthambi

Bambo wina wa ku Domasi wafunsa ngati ubweya woyera umene waoneka pa nthambi za paini wake ndi chizindikiro cha tizilombo tija tikumveka kuti tikuumitsa paini kunja. Mayi wina wa ku Malosa, amene ali ndi nazale, akufuna kudziwa ngati ayambiretu kupopera mankhwala.

Bambo, ubweya woyera wobisala m'tsinde mwa masamba kawirikawiri ndi wa nsabwe yotchedwa Pineus boerneri, imene inalowa mu Africa m'zaka za m'ma 1960 ndipo m'minda ya paini ya chigawo chino si yachilendo. Kachilombo kamene kakudetsa nkhawa kunja ndi kena, Toumeyella parvicornis, kochokera ku North America. Kakakazi kake kakakula kamamatirira malo amodzi, kamakhala kofiirira ndi chigoba chotukuka ngati cha kamba, ndipo kamayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadzi tonanda totsekemera. Timadzi timeneti timakopa nyerere, komanso pamamera nkhungu imene imadetsa masamba bii, moti mtengo umalephera kupanga chakudya. Kachilomboka kanapezeka pa zilumba za Turks and Caicos mu 2005 ndipo kanapha paini wambiri wachilengedwe wa kumeneko, kenaka kanafika ku Italy, kumene kawononga mitengo ya m'mizinda ya Naples ndi Rome.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nyengo yathu. Kumadera ozizira kwambiri kachilomboka kamaswana kamodzi pa chaka, koma kotentha mibadwo imangotsatizana, ndipo chisanu cha pa phiri la Zomba si choti n'kukaletsa. Onjezani kuti paini wathu, makamaka Pinus patula wochokera ku Mexico, tinamubzala mtundu umodzi pa malo aakulu, mitengo yoyandikana, pamene tiana ta kachilomboka timauluzika ndi mphepo. Akuluakulu akukumbukira mmene nsabwe ya mkungudza, imene inaoneka m'dziko muno mu 1986, inaumitsira mipanda ndi minda ya mikungudza pasanapite nthawi.

Choncho musamangoyang'ana munda mutaima patali. Lowanimo, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa pamene mitengo imakhala yofooka, ndipo muyambire mitengo ya m'mphepete mwa msewu ndi imene yabzalidwa kumene. Thyolani kanthambi, mukagwedezere pa pepala loyera, muone ngati pakugwa timadontho toyenda. Mukaona totupa pa khungwa, palani ndi chikhadabo: ngati tikuchoka n'kusiya madzi, ndi tizilombo tamoyo, pamene utomoni wouma umangophwanyika. Tsatiraninso mzere wa nyerere zokwera mumtengo, chifukwa zimakufikitsani pamene pali vuto. Mtengo umodzi wachikasu usakuthamangitseni mtima, pakuti chilala, moto wolusa ndi chiswe zimachitanso zomwezo, koma totupa, kunanda ndi kuda zikapezeka pamodzi pa mitengo ingapo yoyandikana, nkhaniyo si yosunga.

Mukatero ikani nthambiyo m'jumbo, mumange bwino pakamwa, mupite nayo kwa mlangizi wa zankhalango kapena ku bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi mumzinda wa Zomba. Musainyamule poyera pa njinga kapena m'minibasi, ndipo nkhuni ndi masamba za m'mundamo zisatuluke kufikira akatswiri atayankha.

Mayi, kupopera musanaone kachilombo n'kutaya ndalama. Chigoba chija chimatchinga mankhwala ambiri, ndipo oyamba kufa ndi tizilombo tothandiza timene timadya anzawo owononga. Kodikodi wa chinangwa anachepa chifukwa cha kamavu kakang'ono kochokera ku South America, osati mankhwala. Kwa amene ali kumtunda, tisaiwalenso kuti madzi a mumzinda wa Zomba amachokera ku damu la Mulunguzi, choncho mankhwala opopera asamafike m'madzimo.

Udindo wanu waukulu uli pa mbande, chifukwa ulendo wautali tizilomboti timauyenda pa mbande ndi nthambi zonyamulidwa ndi anthu. Mbande zogula kwina muzizisunga padera kwa milungu ingapo, muzizitembenuza masamba n'kuyang'ana m'tsinde musanazisakanize ndi zanu. Zimene mwazikayikira musazigulitse ngakhale motchipa. Siyani zochepa zokaonetsa alangizi, zotsalazo muzitenthe pomwepo.